Dzanja Limene Linakana Kulowa m'Chifunga

Themba ndi Chisomo, ana anga, inu mumandidziwa ngati mdala wokonda kukangana ndi wailesi pakhonde, koma ndinagwirapo ntchito zaka 38 pamalo amodzi, ndikujambula nkhope za anthu a mu Bulawayo muno. Zambiri za ntchitoyo ndinakuuzani kale mpaka munatopa nazo. Chimodzi chokha sindinakuuzeni bwinobwino, ndipo ndi chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndachilemba pano kuti musadzachimve kwa anthu ena mokhotakhota.

1978

Ndinalowa ntchito ndili ndi zaka 19, pa situdiyo ina ya zithunzi m'tauni. Amene anandipezera malowo ndi a Mbewe, mnzawo wa agogo anu aamuna. Awiriwa anachokera limodzi ku Dedza kudzafuna ntchito kuno, ndipo onse anasanduka matchona, kumudzi osabwereranso. A Mbewe ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu ku Belmont, koma Loweruka lililonse ankapukuta magalasi a situdiyoyo. Tsiku lina anandigwira pamkono ngati akupita nane kuchipatala, n'kukandiimika pamaso pa mwini malo, Mmwenye wokalamba amene tonse tinkangomutchula kuti Bwana Mkulu. Analankhulana Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha mabwana ndi antchito, chimene ndinangomva theka. Potuluka a Mbewe anati, "Ndamuuza kuti suba ndipo suchedwa. Usandichititse manyazi, wamva?" Ndinayankha kuti ndamva.

Zaka zoyamba ndinkakhala m'chipinda cha mdima, kutsuka zithunzi m'mankhwala onunkha mpaka zikhadabo zinachita chikasu. Kamera sindinkaloledwa n'kuigwira komwe. Bwana Mkulu anali ndi lenzi imodzi yaikulu, yolemera ngati mwala wonolera, imene ankaisunga m'chitini cha mabisiketi ataikulunga m'nsalu. Akaimanga pa kamera n'kutsegula diso lake lonse, munthu ankatuluka pachithunzi ali mbee, tsitsi lililonse likuoneka, pamene zonse za kumbuyo kwake zinkasungunuka kukhala ngati chifunga. Akwati ankalimbirana zithunzi zimenezo, chifukwa ngakhale ujambulidwe pafupi ndi dzala, dzalalo silinkaoneka.

Tsiku limene anayamba kundiphunzitsa anaika mabotolo atatu patebulo, awiri moyandikana ndipo lachitatu kutali kumbuyo. Anandiuza kuti ndisuzumire mu kamera. Awiri aja anaoneka bwino, lachitatu linali chimbuuzi. Kenako anati, "Tsopano ndichitire kuti la kumanzere lioneke, la kumanja lizimirire." Ndinapotokola lenziyo uku ndi uku mpaka thukuta, osatheka. Iye anaseka mpaka kutsokomola. "Sizingatheke, Banda. Lenzi sidziwa kuti uyu ndi ndani. Imangodziwa kuti ali patali bwanji. Zinthu ziwiri zikaima mtunda umodzi kuchokera pa iwe, zioneka zonse kapena zizimirira zonse." Ndinasunga mawuwo ngati malangizo a ntchito basi, ofanana ndi akuti usatsegule chitseko cha chipinda cha mdima mnzako akutsuka filimu.

1986

Chaka chimenechi ndinakwatira mayi anu, MaSibanda, ndipo a Mbewe ndiwo anandiyendera kwa makolo awo. Ankadziwa Chindebele cha ulemu kuposa ine wobadwira kuno, chifukwa anali atakhala kale zaka zambiri ndi mayi wa Chindebele, MaMoyo, ku Entumbane. Nkhani yawo aliyense ankaidziwa koma palibe ankaitchula. Ku Dedza anasiyako mkazi ndi mwana wakhanda dzina lake Yohane. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi makalata, kenako makalatawo anayamba kutalikirana mpaka anatha. A Mbewe sanamulowole MaMoyo, ndipo kutchalitchi sanadalitse ukwati. M'sosaite yathu ya maliro, imene ife a ku Malawi tinaikhazikitsa kuti tiziikana m'manda mwaulemu m'dziko la eni, palibe amene ankati mayi Mbewe. Ankangoti amayi aja a kwa a Mbewe. Pamisonkhano MaMoyo ankaphika, kutsuka mbale, n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Ine zimenezi sindinkaziona ngati nkhani. Makalata ochokera kwa abale anga ku Dedza nawo ankamaliza ndi mawu akuti, mupereke moni kwa mkazi wanu wa Chindebele uja. Ndinkawerenga mokweza, mayi anu n'kuseka, ine n'kuseka nawo, kalata n'kuipinda.

2008

Za chaka chimenechi, pamene chuma cha dziko lino chinagwa, simufunika kuuzidwa, munali akuluakulu. Pa situdiyo mapepala otsukira zithunzi anasowa, mankhwala anasowa, magetsi ankabwera nthawi imene afuna. Masiku ena ndinkayenda wapansi kuchokera kunyumba mpaka m'tauni kukangokhala pampando kuyang'ana chitseko. Bwana Mkulu anali atakalamba kwambiri, ndipo ana ake anabwera kudzamutenga kupita naye kummwera. Situdiyo anaigulitsa kwa a Dube, munthu wa bizinesi amene anali asanatsukepo chithunzi ndi chimodzi chomwe. Zonse anazisiya, mipando, nsalu za kumbuyo, ngakhale ketulo, koma chitini cha mabisiketi chija anachinyamula pamiyendo m'galimoto. Ndinamva ngati andichotsa dzino lotafunira.

A Dube anatseka chipinda cha mdima n'kuikamo makatoni. Anagula timakamera ting'onoting'ono topanda filimu, tokwana m'thumba la malaya. Timakamera timeneto tinalibe manyazi. Tinkaonetsa chilichonse mofanana, kuyambira mphuno ya munthu mpaka kabudula woyanikidwa pachingwe cha nyumba yachitatu. Mkwatibwi wina anabweza zithunzi zake chifukwa kumbuyo kwake kunali bambo akukodza pampanda, akuoneka bwino kuposa mkwati. Ndinayamba kuchita nthumanzi m'mawa uliwonse, poganiza kuti lero a Dube andiuza kuti ntchito ya munthu ngati ine yatha.

2010

A Dube anabweretsa kompyuta yokhala ndi pulogalamu yokonzera zithunzi. Anaiika patebulo langa n'kunena kuti, "Mdala, anthu akufuna zithunzi zokhala ndi chifunga kumbuyo, zonga za m'magazini. Lenzi yanu ija inapita. Chifungacho muzichipangira umu. Mukalephera mundiuze msanga, ndipeze wina." Ndinali ndi zaka 51, ndipo mausi ya kompyutayo ndinkaigwira ngati dzira. Anandionetsa kamodzi kokha, mothamanga, foni ili kukhutu. Umapanga chithunzi chachiwiri pamwamba pa choyamba. Umazungulira munthuyo m'mphepete monse, mutu, mapewa, manja, ngati ukumudula ndi lumo. Ukatero umauza kompyuta kuti zonse zotsala kunja kwa mzerewo izichititse chimbuuzi, ndipo umasankha wekha kuti chifungacho chikule bwanji. Pomaliza anati, "Shesha, mdala," kutanthauza kuti ndifulumire, n'kutuluka.

Zimene ndinapanga miyezi yoyamba ndimachita nazo manyazi. Mayi wina ndinamudula khutu limodzi pamodzi ndi ndolo. Mtsikana wa tsitsi lotukuka ndinamumeta mpaka anaoneka ngati wavala mphika. Nthawi zina mtundu wa malaya unkatayikira m'chifunga, munthu n'kuoneka ngati akufuka utsi. Koma cholakwa chachikulu ndinachichita pa mlonda wina wochokera ku Mangochi, amene anali atangofika kumene ndipo ankagona m'kachisakasa kuseri kwa fakitale yotsekedwa ku Belmont. Ankafuna chithunzi chotumiza kwa mkazi wake, chisakasacho chisaoneke. Ndinachititsa chimbuuzi chilichonse, kuphatikizapo nthaka imene anapondapo. Atachiona anati, "Achimwene, kodi ndafa? Bwanji ndikuuluka?" A Dube anaseka, koma pondiyang'ana maso awo sankaseka.

Madzulo a tsiku limenelo, ndili m'kombi, minibasi ya kuno, ndinakumbukira mabotolo atatu aja. Vuto silinali kompyuta, linali ine. Ndinkaiwala mtunda. Nthaka ya pamapazi a munthu ili pomwe pali iyeyo, ndiye iyenera kuoneka bwino. Chifunga chiyenera kuyamba pang'ono kumbuyo kwake, n'kumakula pamene zinthu zikutalikira, mpanda pang'ono, nyumba ya aneba kwambiri, mitengo ya kutali kwambiri zedi. Ndinaphunzira kupanga chifunga chokwera pang'onopang'ono chotero, kufewetsa mzere wa m'mphepete, ndi kubwezera tsitsi limodzilimodzi nditakulitsa chithunzi mpaka maso kuwawa. Chithunzi chimodzi chinkanditengera theka la tsiku, koma chikatuluka ngakhale Bwana Mkulu akanakanda mutu. Mbiri inafala pakati pa anthu akwathu, ndipo anandipatsa dzina lakuti a Chifunga. Ndinabisira anthu zisakasa, zimbudzi, mabotolo a mowa, ndi magalimoto a eni ake amene ankawatsamira. Mtima sunkanditsutsa, chifukwa zonsezo zinalidi kumbuyo kwawo.

2011

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinapita kukaona a Mbewe ku Entumbane. Anali atadwala matenda ofa ziwalo, mwendo ndi dzanja lakumanzere zinali zitafooka. Ndinali ndi kakamera ka kuntchito m'thumba, ndipo iwo anati, "Undijambule, koma nditaimirira. Sindifuna anthu adzandikumbukire ndili pampando ngati thumba la chimanga." Anavala jekete lawo lakuda. MaMoyo anawadzutsa, n'kuwatulutsa panja pang'onopang'ono, n'kuima pambali pawo atawagwira mkono wakumanzere pamwamba pa chigongono. Ndinati, "Mama, tasiyani pang'ono ndiwajambule okha." Anayesa kusiya, a Mbewe n'kuyamba kupendekeka. MaMoyo anawagwiranso msanga n'kunena kuti, "Hayi, Baba Banda, agwa awa. Jambulani choncho." Ndinajambula choncho. A Mbewe anatsamira pang'ono kwa iye, duku lake litatsala pang'ono kukhudza tsaya lawo. Kumbuyo kunali mpanda wa waya, zovala pachingwe ndi mulu wa njerwa. Chithunzicho chinangokhala mu kompyuta, ndipo ndikuvomera kuti ndinaiwala kuwatsukira.

2014

A Mbewe anamwalira Lachiwiri. Lachinayi m'mawa pa situdiyo panalowa a Mwale, wapampando wa sosaite yathu, ali ndi bambo wina wa imvi, wamtali, wonyamula kachikwama kakang'ono. Ndisanauzidwe ndinadziwa kuti ndi Yohane, chifukwa chipumi chinali cha a Mbewe chenicheni. Anali atayenda masiku awiri pabasi kudzaika bambo amene anamusiya ali wakhanda. Mwambo wathu mumaudziwa. Pamaliro pamakhala chithunzi cha malemu m'feremu, chimaikidwa pabokosi, ndipo ndi chimene anthu amajambula ndi mafoni n'kutumiza kumudzi. A Mwale anati afufuza m'nyumba monse, apeza kachithunzi ka pachitupa kokha, kofufuma ndi madzi. MaMoyo ndiye anawauza kuti ine ndinawajambulapo.

Ndinachitsegula pa kompyuta. Yohane anachiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenako analoza ndi chala osakhudza galasi. "Awa achoke." A Mwale anakhosomola n'kulankhula mofatsa, monga amachitira pamisonkhano. "A Banda, nkhani yake ndi yapafupi. Mayi ake a Yohane ali moyo ku Dedza, ndi okalamba. Chithunzichi chikafika kumeneko mawa lomwe. Inu ndinu a Chifunga. Amayiwa muwalowetse m'chifunga pamodzi ndi mpandawo, aoneke ngati munthu wongodutsa kumbuyo." Ndinayesa kuthawira ku ntchito. Ndinawaonetsa kuti ndikadula nkhope yokha n'kuikulitsa, imasweka kukhala timabokosi, chifukwa kakamera kaja kanali kofooka, ndiponso duku linali pafupi kwambiri ndi tsaya. A Mwale anati n'chifukwa chake akunena za chifunga, osati lumo.

Ndinati, "Koma a Mwale, amayiwa sali kumbuyo. Ali pambali." Yohane anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba. Sanakweze mawu. "Achimwene, mayi anga anadikira munthu ameneyu kuyambira ine ndili kumsana. Anakana amuna awiri. Chaka chilichonse ankati abwera ikatha mvula. Lero mukufuna ndiwatumizire chithunzi aone amene anawadyera zaka zawo, atamugwira mkono? Mukufuna ndikaike maliro awiri?" Zimene ankanenazo zinali zoona. Potuluka a Mwale anatsalira pakhomo n'kundigwira phewa. "Tonse ndife alendo kuno, a Banda. Tilibe mfumu, tilibe manda a makolo. Tsiku lanu likadzafika, ndi ife tomwe tidzanyamule bokosi. Tithandizane. Maliro ndi Loweruka, mubwere nacho m'mawa." Anamwetulira, koma ine ndinamva kuti akundiopseza.

Mwina inu obadwa masiku ano simungamvetse mantha amenewo. Agogo anu ankaopa chinthu chimodzi chokha m'dziko lino, kuikidwa m'manda ndi anthu a boma ngati munthu wopanda mwini, popanda nyimbo ya chinenero chake. Mantha amenewo anandisiyira ine. Sosaite ndiwo unali mudzi wanga, ndipo a Mwale anali atangondikumbutsa kuti mudzi umatha kumutembenukira munthu.

Choncho ndinachita zimene anandiuza. Lachinayi lonselo ndinazungulira a Mbewe m'mphepete, mutu, khutu, phewa la jekete, n'kusiya MaMoyo kunja kwa mzere. Nditalamula kompyuta, nkhope yake inasungunuka. Duku linasanduka banga lofiirira, maso anatha, anangotsala mthunzi wa munthu. Koma dzanja lake linatsala. Zala zinayi zinali pamkono wa jekete, m'kati mwa mzere wa a Mbewe, zikuoneka bwinobwino mpaka makwinya ndi chikhadabo chimodzi chothyoka. Linali dzanja lopanda mwini, lotuluka m'chifunga. Ndinayesa kulichititsa chimbuuzi, mkono wa a Mbewe n'kuoneka ngati wabooka. Lachisanu m'mawa ndinayesa njira ina, kutenga nsalu ya jekete pena n'kumata pamwamba pa zalazo, chala chimodzichimodzi. Zinatheka. Koma nditabwerera m'mbuyo kuti ndione chithunzi chonse, a Mbewe anali atapendekeka, akutsamira pa chinthu chimene palibe. Ankaoneka ngati munthu amene watsala pang'ono kugwa, ndipo palibe womugwira.

A Dube anadutsa n'kusuzumira. "Chili bwino, mdala. Pulintani, anthu akudikira." Iwo sanaone kanthu, ndipo ndinadziwa kuti anthu ambiri pamaliro sakaonanso kanthu. Zimenezo ndizo zinandiopsa kwambiri. Ndinapulinta. Kenako, osadziwa bwinobwino chimene ndikufuna, ndinatsegulanso chithunzi choyamba chija n'kuchikonza monga lenzi ya Bwana Mkulu ikanachitira. Nthaka ya pamapazi ndinaisiya, mpanda ndinaufewetsa pang'ono, zovala ndi njerwa ndinazisungunula, ndipo anthu awiri oima mtunda umodziwo ndinawasiya onse ali mbee. Chinali chithunzi chokongola kuposa zonse zimene ndinakonzapo pa kompyuta ija. Ndinachipulinta nacho, n'kuika ziwirizo mu envulopu imodzi. Feremu inali imodzi yokha.

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndinapeza mayi anu akusankha nyemba pakhonde. Ndinawafotokozera zonse n'kuyala zithunzi ziwirizo pampando. Ndinkafuna andiuze chochita kuti mlandu ukhale wa awiri. Anapukuta manja, n'kunyamula cha chifunga chija, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sananene kuti ichi n'chabwino kapena ichi n'choipa. Anangofunsa, akunditchula mwa Chindebele monga bambo a Themba, kuti, "SaThemba, kodi abale anu a ku Dedza amalidziwa dzina langa?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti inde, koma ndinakumbukira makalata aja, zaka 28 za moni kwa mkazi wa Chindebele uja. Iwo anabwerera ku nyemba zawo.

Loweruka m'mawa ndinakwera kombi ya ku Entumbane, envulopu ndi feremu zili pamiyendo. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinali nditatsimikiza mtima, koma ayi. Pamalo alionse pamene kombi inkaima ndinkasintha maganizo. Nditatsika ndinaima pansi pa mtengo wa pafupi ndi siwa, ndikumva amayi akuimba m'nyumba. Pazenera lotsegula ndinaona MaMoyo atakhala pansi pakona, atafunda bulangete, kutali ndi bokosi, pamalo pamene amakhala anthu odzapepesa. Manja ake anali pamiyendo, opanda chogwira. Ndinatsegula feremu, kamsomali kamodzi n'kundibaya, ndipo ndinaikamo chithunzi cha anthu awiri.

A Mwale anachilandira pageti. Nkhope yawo inasintha pomwepo. "A Banda, ichi n'chiyani? Sitinagwirizane zimenezi." Yohane anafika n'kuwalanda feremuyo. Ndinati, "Achimwene, ndinayesa. Chinacho chili mu envulopu umu, mukachifuna tengani. Koma bambo anu tsiku limeneli sankatha kuima okha. Ndikawachotsa amayiwa, bambo anu akugwa. Taonani nokha." Ndinatulutsa cha chifunga chija n'kuchiika pambali pa chinzake. Anayang'ana ichi, n'kuyang'ana icho. Anafunsa kuti, "Anadwala nthawi yaitali bwanji?" Ndinati zaka zinayi. "Ankawasambitsa ndani?" Ndinayang'ana kuzenera kumene kunali MaMoyo, ndipo iye sanafunsenso. Anandibwezera cha chifungacho, n'kulowa m'nyumba ndi feremu.

Musaganize kuti zinatha mokoma. Yohane anaimika chithunzicho pabokosi, kenako anatenga nkhata ya maluwa n'kuitsamiritsa mbali ya MaMoyo, moti nkhope yake inabisika. Zithunzi zonse zimene zinapita ku Dedza tsiku limenelo zinaonetsa a Mbewe ndi maluwa. Dzanja lokha ndilo linkaonekera pansi pa masamba, litagwira mkono. Pa nthawi yoona nkhope MaMoyo anadutsa pabokosi ngati wina aliyense, anaima pang'ono, n'kuyang'ana feremuyo, osakhudza maluwawo. Titabwera kumanda ku Luveve chithunzicho chinasowa. Ndinamva pambuyo pake kuti Yohane anachiika m'kachikwama kake. Kaya anakawaonetsa mayi ake, kaya anachidula ndi lumo panjira, sindikudziwa, ndipo sanandilemberepo.

Sabata yotsatira ndinapulinta china n'kukapereka kwa MaMoyo. Anachigwira ndi manja awiri n'kuthokoza m'Chindebele kuti, "Ngiyabonga, Baba Banda. Kani ndinali nditavala duku lakale chonchi?" Anachipachika pamwamba pa wailesi. A Mwale sanandipatsenso moni wa dzanja kufikira imfa yawo. Pa chisankho chotsatira ndinachotsedwa mu komiti ya sosaite, popanda wonena chifukwa. Sanandithamangitse, ndikadali membala, koma pamisonkhano ndimaona anthu ena akale akuyang'ana kumbali ndikamalankhula. Ndikanama ndikati sizindiopsa. Nthawi zina ndimawerenga m'mutu anthu amene angadzabwere kudzanyamula bokosi langa, ndipo sindifika patali. Za mayi ake a Yohane nazonso ndimaziganiza. Sanandilakwire chilichonse, ndipo mwina ndinawapweteka.

2016 mpaka lero

Ndinapuma ntchito maso atayamba kulephera kuona tsitsi limodzilimodzi. Masiku ano mafoni anu amapanga okha chifunga, mukangodina. Chisomo anandionetsa, ndipo ndinaona kuti nawonso amadula makutu ndi kumeta anthu ngati mmene ndinkachitira ine mu 2010. Nthawi zina amasankha munthu mmodzi n'kusungunula mnzake amene waima naye phewa ndi phewa. Mukaona zotero muzidziwa kuti si mmene diso la kamera limaonera.

Tsopano mverani chimene ndalembera zonsezi. M'wadirobu, pansi pa jekete langa la kutchalitchi, muli envulopu ya khaki. Muli chithunzi chimene a Dube anatijambula tsiku langa lomaliza pa situdiyo, ine ndi mayi anu titaima limodzi pakhomo. Ndinachikonza ndekha. Msewu ndi magalimoto ndinaziika m'chifunga, ife awiri ndinatisiya. Chimenecho ndicho mudzaike pabokosi langa, ndipo nkhata za maluwa mudzaziike pansi. Akadzabwera a ku Dedza kapena a sosaite n'kunena kuti chikonzedwe, Themba, udzawauze kuti mwini wake anakonza kale. Kumbuyo kwa chithunzicho ndalembako ndi zilembo zikuluzikulu kuti Sithembile Sibanda, mkazi wa Lackson Banda, kuti asadzavutike kufunsa dzina.